Mitengo ya Mauta M'chigafa cha Eni

Ntchito ya mauta ndinaipeza chifukwa chodziwa kuwerenga, ngakhale sukulu ndinaisiyira panjira. A Chisale a ku Mkanda, mkulu wosema mauta, ankandiitana kuti ndiziwawerengera mauthenga a pafoni, maso awo atayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina anayang'ana manja anga osalala. "Mumawerenga ngati aphunzitsi, nanga nkhwangwa mumaidziwa?" Ndinati ndinaionapo m'buku. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundilemba ntchito.

Tinkadula mitengo ya tenza m'nyengo yozizira, n'kung'amba zipika ndi nkhwangwa ndi zikhomo. Ine ndinkasungunula phula la njuchi m'chitini, n'kumata nsonga zonse ziwiri kuti mtengo usaume msanga kumapeto n'kung'aluka. Khungwa la kumsana kwa mtengowo sitinkalichotsa. Tikatero tinkaigoneka pamthunzi motalikirana kuti mphepo izidutsa, n'kumaitembenuza kwinaku tikufufuza ufa wa anankafumbwe. Kasemasema sankaikhudza chaka chisanathe.

Vuto linali denga. Nyumba ya a Chisale inkadontha, yanga ndiye musafunse, choncho mitengo inkagona m'mwamba mwa chigafa cha Yohane, mwana wa mlongo wawo. Wogula anali atatsala mmodzi yekha, bambo wa ku Chipata wogulitsa mauta kwa ovina. Anali ataneneratu kuti akadzapeza palibe kanthu, sadzapondanso ku Mkanda.

Mvula ili pakati, a Chisale anagona ndi malungo, ine n'kumapalasa nawo njinga kupita kuchipatala. Atadzuka tinapita kukatembenuza mitengo. Tinapeza chigafa chadzaza fodya mpaka kudenga. Mitengo yathu inali panja, itatsamira chulu. Mvula inkainyowetsa, dzuwa n'kumaiwamba. Phula linali litayenderera pansi. Ndinanyamula umodzi: wang'aluka kuchokera kunsonga mpaka pakati. Wina wapindika ngati nyanga. Ndinafufuza mulu wonse, mwina n'kupezako wamoyo, koma ayi.

"Malume, fodya anakhwima nthawi imodzi," anatero Yohane maso ali pansi. "Akanaolera m'munda, ana adya chiyani? Ndimati mitengo siivunda."

"Siivundadi, mwanawe," anayankha a Chisale. Anayendetsa chala mumng'alu, n'kukhala pansi. Ndinkayembekeza mkwiyo, ndinali nditakonzeratu ndi mawu a m'mabuku owathandizira kukalipa. Sanafunike.

Bambo wa ku Chipata atabwera sanatsike n'komwe panjinga yake yamoto. Anati kwawoko anyamata akupinda nsungwi zaziwisi n'kuzipaka polishi, ovina sadandaula. Kuyambira pamenepo a Chisale sanadulenso tenza, ine ndinabwerera ku maganyu.

Chimene ndinatolapo n'chakuti phula limateteza nsonga zokha. Mtengo wodikira chaka umafuna denga la munthu amene njala sikumuthamangitsa, ndipo kwathu kuno denga lotero sindinalione. Mitengo ija Yohane anaisandutsa mikangala yopachikirapo fodya. Amaiyamikira kwambiri, akuti siithyoka.