Chaka Chimene Ndinathothola Maluwa a Maungu ku Kanyama

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma za khasu musandiphunzitse. M'komboni yonse ya Kanyama, nthawi ya Chitaganya, panalibe wounda mzere wowongoka kuposa ine. Choncho mabanja angapo titagwirizana zolima pamodzi kamtunda kena kuseri kwa komboni, kumene madzi a dzinja sankasefukira, palibe anafunsa kuti kapitao akhala ndani. Ndinangokhala.

Chaka chimenecho mng'ono wanga, amene tinkaphwanya naye miyala ya laimu, anamwalira ndi chifuwa. Anasiya mkazi ndi ana atatu. Maliro atatha, malume awo a anawo anabwera kuchokera ku Katete kudzawatenga. Mlamu wanga anakana, chifukwa ana awiri anali atayamba sukulu, ndipo kumudzi sukulu inali tsidya la mtsinje wosawolokeka dzinja. Malumewo anati, "Chabwino, khalani. Ndidzabweranso pa Pasaka. Ndikadzapeza ana a mlongo wanga ataonda, sindidzafunsa munthu, ndidzangomanga katundu." Kwathu ana ndi a kuchikazi, ndiye ine ndinalibe pakamwa. Chimene ndinali nacho ndi munda. Ndinawapatsa alamu chigawo chachonde kuposa zonse, tinabzalamo maungu, poti dzungu limadyetsa kanayi: masamba, maluwa, dzungu lenilenilo ndi nthanga zake.

Anayanga bwino maungu aja. Mu Januwale munda unachita chikasu ndi maluwa, njuchi zili ng'ung'ung'u. Tsiku lina ndinawerama n'kuyang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti maluwawo ndi amitundu iwiri. Ena anali ndi kadzungu kunsi kwake. Ena, ambiri zedi, anali pa kaphesi kataliko, opanda kanthu. Ndinakuwira amayi onse.

"Mwawaona awa? Awa ndi malova, ofanana ndi anyamata oyendayenda m'tauni opanda chitupa. Amadya mphamvu ya dzungu koma sabereka. Kuyambira mawa tizithothola onse m'mamawa, lisatsale ndi limodzi lomwe."

Alamu anati, "Onse, alamu? Kwathu timangopatulako."

"Kwanu n'chifukwa chake maungu ake amakhala ngati nkhonya."

Amayi anaseka, nachita zimene ndinanena. Inenso ndinkalawira, kuthothola ndisanapite kuntchito. Masabata amenewo tinadya chiluwe, ndiwo ya maluwa a maungu, mpaka ana anatopa nacho. Alamu ankachiphika ndi nsinjiro ndi kamatimati, chimachita kusungunuka pa lilime. Ine ndinkadya ndikudzitama.

Kenaka timaungu tinayamba kufota. Kafika ngati dzira la nkhuku, kachita chikasu, kagwa. Munda wonse chimodzimodzi. Ndinanena mvula. Ndinanena mbewu. Chimanga chinali chisanakhwime, ufa m'nyumba ya alamu unkatha, ndipo kamwana kakang'ono kanayamba kutuluka nthiti. Pasaka sanali kutali.

Panali mayi wina wa ku Nyasalande, wophika mowa, amene anachoka m'gulu lathu titakangana za malire a mizere. Iye ankalima kuseri kwa nyumba yake, mbali ina ya komboni, ndipo maungu ake ankabereka. Ine ndinayamba kunong'ona kuti mwina watiponyera mankhwala. Lamulungu m'mawa alamu anangopita kukamutenga.

Mayi uja anabwera ndi lichero la maluwa atsopano. Anayenda m'munda monse akuvundukula masamba, kenaka anaima, manja m'chiuno.

"Ba kapitao, amuna a maungu awa ali kuti?"

"Amuna ati?"

"Mwawadya. Mwadya amuna onse ndi nsinjiro, ndiye mukufuna akazi abereke ndi mphepo? Njuchi ndiye ankhoswe. Zimatenga ufa wachikasu uwu kwa mwamuna, n'kukautula kwa mkazi. Tsopano nkhoswe ikapeza nyumba ya mwamuna ili gwa, itenga chiyani? Kumudzi simunaone kuti timathyola dzuwa litakwera, njuchi zitaweruka, n'kusiyako ena?"

Sindinaone. Kuthyola ndiwo ndi ntchito ya amayi, ndipo mwamuna wa kwathu amaidziwa ndiwo ili kale m'mbale. Ndinalima maungu kuyambira ndili wamng'ono, koma duwa ndinali ndisanaliyang'anepo mpaka tsiku limene ndinaliweruza.

Anatenga duwa limodzi m'lichero, nalisenda mpaka kutsala kamtima kaufa, nakapaka m'kati mwa duwa la kadzungu. "Njuchi zachepa kuno, zaona kuti kulibe phindu. Mpaka zibwerere, nkhoswe ndinu. Gwadani." Anandiletsanso kupalira chisoso cha m'mphepete, ati chichite maluwa, njuchi zizipeza chifukwa chobwerera.

Ndinagwada, munthu wamkulu ndithu. M'mawa uliwonse ndinkapita kwa mayi uja kukapempha maluwa, mpaka athu ataphukanso. Anzanga popita ku miyala ankadutsa pafupi n'kumandiseka. "Ba nkhoswe, ukwati wa lelo ni wa ndani?" Wina ankachita kulira ngati njuchi. Ndinkawatukwana ndili chogwada, osasiya ntchito. Kadzungu koyamba kamene sikanagwe ndinkakayendera kawiri pa tsiku, ndinakayalira udzu kuti kasawole. Pofika mu Malichi njuchi zinachulukanso, ndipo lamulo la munda linakhala la mayi uja: chiluwe chithyoledwe masana, pa phata lililonse patsale amuna.

Maungu anabwera mochedwa ndiponso ochepa. A mabanja ena, ataona mmene zinalili, oyamba kukhwima ankakawasiya pakhomo pa alamu osanena kanthu.

Malume aja anafika Loweruka la Pasaka. Alamu anaphika dzungu lofutsa m'mphika woyalamo masamba, lina analiponda ndi nsinjiro, pambali chiwawa, masamba anthete a maungu. Mlendo anadya. Atasamba m'manja anaitana ana mmodzimmodzi, kuwagwira mikono. Pa kamng'ono kaja anakhalitsa.

"Aka kaonda."

"Kanaonda kuposa apa," ndinatero ine. "Mlandu si wa mayi wake. Ndine ndinawononga munda." Ndinafotokoza zonse, za malova, za kugwada, osabisa.

Malumewo anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anati ndimuperekeze kumunda. Anayenda m'mizere akugogoda maungu ndi chala, akuyang'ana amene anali asanakhwime. Tikubwerera anandiuza kuti ana akhale amalize chaka cha sukulu, za chaka chamawa tidzaona, koma kamng'onoko kakapanda kunenepa pofika nthawi yozizira timutumizire mawu.

Lolemba anakwera basi yekha, ndi kathumba ka nthanga kamene mlongo wake anamumangira. Mawu aja sitinatumize.