Singano ija ndinagwira ndine, Esnati

Esnati mkazi wanga, lero ku kiliniki ndaona mayi wina akupereka mkono kwa namwino, nkhope atayang'ana kumbali. Ndachoka pamzere osalandira mankhwala anga. Unachita chimodzimodzi masana aja, zaka za m'ma 1990, kwathu ku Kasenengwa titabwera kothyola thonje. Msana unkakupweteka. Ine n'kuti nditayamba kale kudzibaya mankhwala opha ululu amene anzanga a ku Chipata anandiphunzitsa, chonsecho sindinkadwala kanthu. Unafunsa kuti, "Atate ake Tamara, zimenezi si za kuchipatala?" Ine ndinati, "Ukuopa chiyani, si ndine mwamuna wako?" Ndinasamba m'manja kawiri, ndinapukuta mkono wako bwinobwino, n'kuyamba kudzibaya ndekha kuti uone kuti sizipha. Kenako ndinakubaya ndi singano yomweyo. Kuyambira tsiku limenelo unkadikira ine, chifukwa mkazi sakanapita kukagula zinthu zotere, ndipo kudzibaya sunaphunzire.

Utamwalira, azimayi osambitsa maliro anaona zipsera m'mikono mwako. Mudzi wonse unati unali mkazi wosakhazikika, ine n'kumandimvera chisoni. Ndinavala shati ya manja aatali kuti zipsera zanga zisaoneke. Amayi ako anachita kundithokoza kuti ndinakusamala.

Tamara wakula akuchita manyazi ndi dzina lako. Ali pa tsamba lino la pa intaneti ndipo awerenga. Adziwe lero kuti iwe sunagwirepo singano ndi dzanja lako. Undikhululukire Esnati, ndinali ine.