Mpesa wa kuseri kwa tchalitchi

Mpesa subereka bwino ukapanda kudulira. Zimenezi ndinakaziphunzira ku Joni, chonsecho mpesa unalipo kwathu ku Malomo.

Ndinaganiza zochoka chaka chimene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni. Bambo sanandiletse. Anangoti, "Munda uno ndi wa fodya, udzaupeza."

Ntchito ndinaipeza pa famu ya mphesa kufupi ndi Kepitauni. Tsiku loyamba kapitawo, mayi wachikulire wa komweko, anatiuza kuti tithyole masamba kuti mphesa zione dzuwa. Ine mwana wa mlimi wa fodya ndinawathyola mosamala, kuwasanja, n'kumanga ndindi. Mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi. "Kuno masamba ndi zinyalala, mwana wanga. Ukufuna ukasute?"

Atatha kuseka anandilowetsa m'nyumba yozizira yopangiramo vinyo. Mphesa amaziphwanya, madzi ake n'kumawira okha popanda moto. Kufiira kumachokera ku makoko. Kenako vinyoyo amagona m'migolo yamatabwa kwa miyezi. Ndinanunkhiza mgolo uliwonse. Nyengo yozizira itafika, anandiphunzitsa kudulira: nthambi zambiri zigwe, pa yotsalayo usiye maso awiri.

Kusungulumwa kunalipo. Ndalama ndinkatumiza, koma mauthenga a pafoni ankafunsa za feteleza, osati za ine. Sindinkafuna kukalambira kumeneko, komanso fodya sindinkamufunanso.

Lamlungu loyamba nditabwerera kumudzi, ndinakhala pamthunzi wa kuseri kwa tchalitchi pomwe tinkaphunzirira katekisimu. Nditakweza maso ndinawazindikira masambawo. Unali mpesa, wokalamba, wopiringizana, wobzalidwa ndi ansembe akale.

"Uwu ndi wamwamuna, ngati papaya," anatero a Banda, akatekisiti athu. "Subereka."

Ndinawapempha kuti ndiudulire, anazengereza, kenako analola. Mu Ogasiti ndinaudulira mpaka mthunzi wonse unatha.

"Unapita ku Joni kukaphunzira kupha mitengo ya tchalitchi?" anafunsa bambo anga. "Chabwino. Ukabereka, mizere ya kumtunda ndi yako. Ukauma, Januwale akupeze ukupalira fodya."

Kwa masabata angapo amayi a kwaya ankandiyang'ana cham'mbali, atakhala padzuwa.

Mphukira zatuluka tsopano, ndipo zambiri zili ndi timatsango tobiriwira, tating'ono ngati mapira. A Banda akuthirira okha. Mphesa zikuyembekezeka kupsa Khirisimasi ikangodutsa. Dzulo ndinawapeza bambo anga kumtunda kuja akusema mitengo, ndipo anandifunsa kuti mpesa umafuna thandala lalitali bwanji.