Tsiku Limene Huta Inadukira Pakati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili kale mayi wa ana. Bambo a kunyumba atadwala miyendo n'kusiya kuyendetsa minibasi, ndinayamba kuuza aliyense kutchalitchi kuti akamva za ntchito andikumbukire. Sukulu ndinalekera ku pulayimale kwathu ku Petauke, ndiye za mu ofesi sindinkaziganizira n'komwe. Mayi wina amene timayimba naye kwaya ndi amene anandiuza kuti mlamu wake, Ba Mwape, akufuna munthu wosamalira holo yawo ku komboni ya Bwacha. Mayiyo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Koma kuli chongo, phokoso lalikulu, amake Tisa. Mupemphere poyamba." Ndinapemphera, m'mawa mwake ndinapita.

Mu holomo munkachitika maukwati ndi misonkhano, koma Loweruka masana munkayimba bandi yotchedwa Mtovu. Anali amuna a imvi amene anayamba kuyimba nyimbo za roko mgodi wa m'tauni muno usanatsekedwe. Anasiyana kwa zaka zambiri, kenako atakalamba anabwererana. Ankayimba masana chifukwa okonda nyimbo zawo ambiri anali madala a ku komboni ya Chowa, ofunika kukwera minibasi dzuwa lisanalowe.

Ba Mwape anandiphunzitsa ntchito osapsa mtima, Mulungu awadalitse. Pansi pa holo ndinkakolopa ndi madzi ambiri, koma pa siteji mopu ndinkaifinya mpaka isadonthe. "Madzi na malaiti sizigwirizana, amai," ankatero. Makebulo sitinkawakulunga pachigongono ngati chingwe choyanikira zovala, chifukwa waya wa mkati amathyoka. Umawazungulitsa m'manja pang'onopang'ono motsatira mmene akufunira okha. Odutsa poyenda anthu ndinkawamata pansi ndi tepi yakuda. Masipika ndinkawapukuta ndi nsalu youma, ndipo timabatani ta pa ampu, makina okuzira mawu, ndinauzidwa kuti ndisatikhudze ngakhale titachita fumbi. Pomaliza woyimba wamkulu, Ba Sakala, ankandipatsa mapepala olembapo nyimbo za tsikulo mwa ndondomeko yake, ine n'kumata limodzi pansi pa maiki iliyonse ndi lina pambali pa ng'oma. Ndinkawakonzeranso fulasiki ya madzi ofunda a jinja, ndimu ndi uchi, ndi kathawulo koyera.

Loweruka loyamba ndinangotsala pang'ono kuthawa. Gitala italira, phokoso lake ndinalimva m'nthiti. Ndinaona agogo a anthu akugwedeza mitu ngati agwidwa ndi mizimu, wina atakwera pampando, ndodo yake yoyendera ili m'mwamba. Ndinabisala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini n'kuyamba kunena Atate Wathu. Ba Mwape anandipeza pomwepo, anaseka mpaka kutsokomola.

Koma chimene chinandidabwitsa koposa chinali mkangano wa pambuyo pa sho. Bandi ikatsika, anthuwo sankapita. Ankakoka mipando imene ine ndinkafuna kuunjika, n'kukhala mozungulira ngati pali mlandu. Ankatsutsana za nyimbo imene inayenera kuyamba, imene inafulumira, imene inaikidwa pamalo olakwika. Ena ankalimbirana mapepala anga a pansi aja, odindidwa ndi nsapato, kupita nawo kunyumba.

Akuluakulu a mkanganowo anali awiri. Ba Kunda anali mdala wa ku Chowa amene anagwira ntchito pansi pa mgodi, wamawu ngati bingu. Chanda anali mayi wachitsikana wa ku Ngungu, wa saluni, amene ankajambula sho iliyonse pa foni. Iye ankakonda nyimbo zatsopano, Ba Kunda zakale.

"Iwe mwana, pamene nyimbo iyi inatuluka, amai ako anali akalibe na mano," Ba Kunda ankatero.

"Ndiye chifukwa chake, ba shikulu, agogo athu. Imwe mumvera na makutu ya kale, yanatha batire," Chanda ankayankha, anthu n'kufa nazo.

Pa nyimbo imodzi yokha ndi pamene onse ankagwirizana. Dzina lake inali Huta, ndipo inkatseka sho iliyonse. Huta ndi chimene chinkalira ku mgodi poitana anthu kuntchito ndi powatulutsa. Nyimboyo inkayamba popanda gitala, popanda ng'oma. Ba Sakala ankangokuwa ndi pakhosi pawo, mawu n'kukwera, kukwera, kukhala m'mwamba nthawi yaitali ngati huta yeniyeniyo. Madala aja ankabwera ndi zipewa zawo zolimba za ku mgodi m'matumba a pulasitiki. Kukuwako kukayamba ankazivala n'kuimirira, ena misozi ili mbwe. Ine ndemwe, amene ndinabwera ndikuopa, tsitsi linkandinyamuka.

Nditagwira ntchito miyezi ingapo, Huta inasowa papepala. Sabata yoyamba anthu anati mwina aiwala. Sabata yachiwiri kunali moto. Ba Kunda anati sho yopanda Huta ndi maliro opanda nyimbo. Ena anati Ba Sakala ayamba kunyada chifukwa azungu ena anabwera kudzawajambula. Ena anati nyimboyo anaigulitsa kunja. Wina anati atembenuka mtima, abusa awaletsa, ndipo ponena zimenezo anandiyang'ana ine ngati ndine ndinawalalikira. Chanda yekha anayesa kunena kuti bandi ili ndi ufulu wosintha, koma anamukuwiza mpaka anakhala pansi.

Ine chifukwa chake ndinachidziwa pochapa. Kathawulo ka Ba Sakala kanayamba kubwera ndi madontho ofiira. Tsiku lina ndinawapeza m'kachipinda kovalira akulavulira mu beseni, ndipo anaona kuti ndaona.

"Muli chilonda umu, amai," anatero akuloza pakhosi. "Dokota ku Lusaka anati kuyimba pang'onopang'ono ningayimbe. Koma nikakuwa futi, mawu nizayasiya pa siteji pamene apo."

Ndinawafunsa chifukwa chake sakuwauza anthu awo. Anapukusa mutu. "Aja bakaziba, bazayamba kunionera monga odwala. Nifuna bazinitukana, osati kunimvera chifundo."

Kuyambira pamenepo ndinkawonjezera uchi mu fulasiki, ndipo dzina lawo ndinaliika m'mapemphero anga pamodzi ndi la bambo a kunyumba. Anthu akamawanyoza Ba Sakala pa mkangano uja, ndinkangounjika mipando mtima ukundipweteka.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo yotentha. Nditamata mapepala, ndinaona kuti Huta palibe monga mwa masiku onse, ndipo ndinathokoza. Koma madala a ku Chowa analowa mochedwa, onse pamodzi, atavala majekete akuda, nsapato zili fumbi lokhalokha. Ankachokera kumanda. Mnzawo wina amene sankaphonya sho, wokhala pampando wa pafupi ndi zenera, anali atamuika m'mawa womwewo. Ba Kunda anayenda mpaka kutsogolo atanyamula chipewa cha malemuyo ndi manja awiri, n'kuchiika pa siteji pafupi ndi mapazi a Ba Sakala. Ba Mwape anandinong'oneza kuti umenewo ndi mwambo wawo. Mmodzi wa iwo akamwalira, amabweretsa chipewa chake kuti Huta imutulutse pa shifiti yomaliza.

Ba Sakala anayang'ana chipewacho, kenako anayamba sho. Anayimba nyimbo zonse za papepala ndi mawu otsika, akumwa madzi a jinja pakati. Atamaliza yotsiriza anati zikomo, n'kutembenuka kuti atsike.

Pamenepo madala anatulutsa zipewa zawo n'kuyamba kuzimenyetsa pa matebulo. Gu, gu, gu. "Huta! Huta!" Achinyamata nawo analowerera, kupondaponda pansi. Mabotolo anagwa, matebulo a pulasitiki akudumpha. Chanda amene uja anali atakweza foni, akukuwa nawo. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Sakala, munthu wafa! Unyada na pa maliro?"

Ba Sakala anaima pa masitepe. Ndinaona msana wawo ukuwerama, kenako anabwerera ku maiki.

Sindidziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinasiya thireyi ya mabotolo imene ndinanyamula, ndinadutsa pakati pa anthu mpaka ndinagwira jekete la Ba Kunda. Ndinawakuwira m'khutu kuti, "Atate, aletseni! Munthuyu ali ndi chilonda pakhosi, akulavula magazi. Akakuwa mawu atha!" Ndinadziwa kuti ndikuulula zimene mwini wake sankafuna, koma mawu a munthu ndi aakulu kuposa manyazi ake.

Ba Kunda anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. "Mwati chani, mayo?" Ndinabwereza. Chipewa chinawagwa m'manja. Anatembenuka n'kukweza manja onse, akufuula kuti, "Lekani! Lekani imwe!" Koma anthu ataona Ba Kunda akweza manja anayesa akuwalimbikitsa, ndiye anamenya kwambiri. Mawu awo a bingu aja tsiku limenelo sanamveke.

Ba Sakala anatola chipewa cha malemu, anachigwira pachifuwa, anatseka maso. Holo yonse inangoti zii, madala n'kuvala zipewa. Ndiye anakuwa.

Abale anga, ndinali nditaimva Huta kambirimbiri, koma ngati tsiku limenelo ayi. Inakwera yoyera, yakuthwa, mpaka mazenera ananjenjemera. Ndinayamba kuganiza kuti mwina dokotala analakwitsa, mwina Mulungu wachita chozizwitsa. Ili m'mwamba choncho, inangoduka. Sinatsike monga inkachitira, inaduka ngati chingwe. Pakamwa pawo panali potsegulabe, mitsempha ya m'khosi itatupa, koma mu sipika munkangomveka mpweya. Kenako anatsokomola, magazi n'kugwera pa shati yawo yoyera ndi pa chipewa chija.

Wa ng'oma anali atakweza timitengo kudikira kuti alowe, anangouma choncho. Mayi wina anakuwa kuti mayo. Ine ndinathamanga ndi thawulo ndi beseni, osaona n'komwe kuti ndikuponda makebulo. Ba Sakala anakhala pansi pa siteji, akuyesa kundiuza kanthu, milomo ikuyenda popanda mawu. Ankaloza chipewa. Nyimbo ya mnzawo inali isanathe.

Ba Kunda anakwera pa siteji movutikira, mawondo akuwakana. Sanapite ku maiki. Anaima pafupi ndi Ba Sakala, anayang'ana kudenga, n'kuyamba kukuwa kuchokera pamene panadukira. Mawu awo anali oipa, okalamba, osweka. Mdala wina anawalandira, kenako wina, mpaka madala onse a zipewa anali kukuwa pamodzi. Sinali nyimbo yokoma, kunali kulira. Wa gitala analowa akugwetsa misozi, wa ng'oma anatsatira, ndipo anaimaliza Huta yonse popanda woyimba, ife tikutulutsa Ba Sakala pakhomo la kumbuyo kupita nawo pa takisi ya Ba Mwape.

Nditabwerera madzulo kudzakolopa, ndinapeza anthu ena akadali pamipando, koma kwa nthawi yoyamba panalibe wotsutsa mnzake. Chanda anali atagwira foni pamwendo, maso ali ofiira. Anandifunsa kuti, "Ba mayo, munaziba?" Ndinati inde. Anati, "Ise tinali kukamba chabe vakuti banyada." Ba Kunda anandipempha nsalu yonyowa, napukuta okha chipewa cha mnzawo, n'kupita kukakwera minibasi. Pa siteji tsiku limenelo ndinakolopa ndi madzi ambiri, magetsi nditazimitsa, ndikupemphera mokweza.

Ba Sakala anakhala nthawi kuchipatala. Moyo Mulungu anawasungira, ndipo pa chimenecho ndimathokoza mpaka lero, koma mawu oyimbira sanabwerere. Amayankhula monong'ona, umachita kuyandikira. Atachira anabwerera ku bandi kudzayimba gitala yachiwiri, woyimba n'kukhala mwana wa mlongo wawo. Tsiku limene tinaonananso ndinkaopa kuti andikalipira chifukwa choulula. Anangondigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Munayesa, amai. Ngakhale bakanaleka kumenya, nikanakuwa. Uja anali munzanga."

Mkangano wa pambuyo pa sho unayambiranso, chifukwa anthu aja sangakhale osatsutsana. Ndinadzidzimuka kumva ena akunena kuti Huta ya tsiku lija ndiyo inaposa zonse, ndipo ankamukakamiza Chanda kuti awatumizire pa foni. Iye anakana, anati anaifufuta. Ba Kunda akamva wina akuyamba nkhani imeneyo amanyamuka n'kukadikira panja.

Ndinagwira ntchito pa holoyo zaka zingapo, ana anga anaphunzira nayo, ndipo Ba Mwape ndimawatenga ngati mchimwene wanga. Ndinaphunzira kukulunga makebulo ndi kusamala magetsi, koma chimene ndinasunga kwambiri n'chakuti anthu okukonda akhoza kukumaliza osadziwa, akuyesa akukulemekeza. Panopa ndimatsogolera kwaya ya azimayi kutchalitchi kwathu. Mayi amene amatiyambitsira nyimbo bwino akangoti lero sindiyambitsa, anzanga amayamba kunong'onezana kuti wayamba matama. Ine ndimawauza kuti akhale chete, ndimapita kukakhala pafupi naye, n'kumufunsa kuti pakupweteka ndi pati.