Masamba amene sanali pa mndandanda

Ine sinditaya pepala. M'sutikesi ya pansi pa bedi muli malisiti a madzi, makalata a ntchito, ngakhale khadi la kusikelo la mwana wanga woyamba. Koma chuma changa chenicheni chinali makope atatu a chikuto chakuda amene ndinalemba ndikugwira ntchito mu labu ya kampani ina ya fodya ku Kanengo. Ndinkalembamo kasakanizidwe ka mankhwala, kayezedwe kake, ndi cholakwa chilichonse chimene ndinachita. Tsamba lililonse ndinalipatsa nambala.

Mwana wa mlongo wanga, amene ankaphunzira sayansi ku yunivesite, anabwera kwathu ku Area 25 kudzakonzekera mayeso. Ndinamubwereka makopewo, ndikumuuza kuti adzabweze momwe wawapezera.

Mtsikanayu anali ndi pepala limodzi lochokera kwa aphunzitsi ake, lolembedwa zolinga za phunzirolo: pomaliza, wophunzira athe kutchula izi, athe kufotokoza izo. Analimata pakhoma. Akawerenga chinthu, ankachonga. Chimene sichinali papepalapo sankachilabadira n'komwe.

"Mutu uwu waudumphiranji?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Suli pa mndandanda, amalume. Safunsa zimene sanalembe apa."

"Nanga asidi akamakugwera padzanja, ayamba wafunsa ngati ali pa mndandanda?"

Anaseka. "Amalume inunso! Mayeso ndi Lolemba."

Loweruka m'mawa ndinagula mandasi kwa mayi amene amakazinga pakona ya msewu wathu. Pomasula pepala limene anakulungiramo, ndinaona zolemba zanga. Inki yanga yabuluu ndithu, mafuta atalowerera mpaka mawu kuonekera kuseri. Linali tsamba la tsiku limene ndinathira madzi mu asidi m'malo mothira asidi m'madzi. Chipsera chake ndikali nacho pamkono.

Kunyumba ndinapeza makope atatsala zikuto zokha. Masamba anawadula ndi lezala. Ogwirizana ndi zolinga zija anawasanja m'fayilo, cholinga chilichonse mulu wake. Otsalawo anakapatsa mayi wa mandasi.

"Ndimayesa simukuwafunanso," anatero, nkhope ili gwa. "Zofunikazo ndasunga. Taonani momwe ndazisanjira."

Anazisanjadi mwaluso, ndipo izi n'zimene zinandinyansa koposa. Si mwana waulesi ayi. Anawerenga tsamba lililonse, naona kuti zolakwa zanga zonse sizidzabwera pa mayeso.

Ndinabwerera kwa mayi uja.

"Pepani abambo, ena apita kale ndi ogula," anatero. "Otsalawa tengani, koma ine ndikulungira chiyani lero?"

Ndinamubweretsera nyuzipepala zanga zakale, mtolo wathunthu. Kanali koyamba kuti pepala lituluke m'nyumba mwanga ndi dzanja langa.

Masana onse ndinakhala pakhonde, kusanja masamba motsata manambala. Kope loyamba linakwana. Awiri enawo ali ndi mipata imene sindingathe kuidzaza, chifukwa mutu wanga sukumbukanso zimene dzanja linalemba.

Mtsikanayo anakhoza, ndipo mlongo wanga anaimba foni kuthokoza chifukwa cha makope. Ndinangoti zikomo. Pepala la zolinga lija ndinalimatula pakhoma, ndinaliika pamwamba pa masamba amafuta aja kuti adzalione wina aliyense wofuna kubwereka chinthu changa. Sutikesiyo tsopano imanunkha mandasi, ndipo sabata iliyonse ndimaitulutsa panja kukakutumula nyerere.