Tayala Laling'ono Limene Ndinagulira aChisale

Inu owerenga, ndivomere poyambirira: tayala lija ndinagula laling'ono mwadala. Musayembekezere misozi, chifukwa mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka. Kungoti ndimaseka ndekha.

Timakhala kudziko la eni, m'dera lotchedwa Extension 2, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chitswana. Amayi anga amagwira ntchito ya m'nyumba kutali, amabwera atatopa, nkhani sizituluka. Kusukulu Chitswana chimandithamangira. Munthu amene ndinkacheza naye m'Chichewa anali aChisale, telala wa chipinda chogundizana ndi chathu.

Adokotala atawauza kuti shuga wawo akufuna thukuta, aChisale anagula kachitsulo kaja kokwezapo gudumu lakumbuyo kuti uzipalasa njinga uli m'nyumba, osapita kulikonse. Anakwezapo njinga yawo ya m'mapiri, ya matayala a manomano. Abale, phokoso lake! Ngati chigayo. Makapu athu ankavina pashelefu. Ine ndinkathira mchere: tsiku lina kumangirira botolo lapulasitiki kumasipoko, tsiku lina kugogoda khoma n'kufunsa ngati adutsa kale Dedza. Iwo ankakuwa ali wefuwefu, “Mphwanga, ndikatsika pano uwona!” Akatsika ankandiitana kudzamwa tiyi.

Mwini nyumba uja sizinkamuseketsa. Anati phokoso likapanda kutha pofika Lolemba, aChisale asamuke. Wina anawalangiza kuti chimabangula ndi manomano aja, aike tayala losalala. Loweruka anali ndi madiresi aukwati pamakina, ndiye anandituma ine kushopu ya njinga. Ananena kawiri konse kuti sayizi 29, chifukwa magudumu awo ndi akuluakulu aja.

Ndinagula 26.

Inu owerenga, mukanaona! Bambo wamkulu kulimbana ndi tayala pogwiritsa ntchito masipuni, kulipaka sopo, kuliyanika padzuwa kuti mwina lifewe, kulikoka ndi phazi. Ine pakhonde ndikuwalimbikitsa kuti latsala pang'ono. Atavala magalasi n'kuwerenga nambala ya m'mbali, shopu inali itatseka, ndipo Lamulungu satsegula. Sanakuwe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Wandichita bwino, mphwanga.”

Ndinkaganiza kuti angopuma masiku awiri, Lolemba ndikabweze tayalalo tiseke. Sindinkadziwa kuti munthu woopa kudulidwa mwendo salumpha tsiku. Lolemba m'mawa, atabwezeretsa tayala la manomano lija, chigayo chinalira, mwini nyumba anatuluka atamanga thaulo kumutu, ndipo mwezi utatha aChisale anakweza makina awo ndi njinga pagalimoto yapabwalo kumbuyo, ulendo wa kudera lina la kutali, ku Mogoditshane.

M'chipinda muja munalowa mnyamata wogwira ntchito pakati pa tauni, ku CBD, amene amati dumela, moni wa Chitswana, osakuyang'ana. Tsiku lina ndinamubisira nsapato. Anangogula zina.

Kodi ndikupepesa? Ayi. Sewero lija linali labwino, ndipo sopo uja sindidzamuiwala. Langizo langa kwa anzanga a manja oyabwa ndi ili: seweretsani aliyense, koma muyambe mwawerenga anthu amene amakukalipirani m'chilankhulo chanu. Ngati alipo mmodzi yekha, mugulireni sayizi imene wanena.

Tayala lija anandisiyira, analikoloweka pachitseko chathu. Ndinalipachika pakhoma logundizana lija. Ndikaweruka kusukulu nthawi zina ndimagogodabe, kufunsa ngati adutsa Dedza.