Mkamwini wosankha nyemba

Vinsenti Kadammanja sanali munthu wokondedwa ku Mphunzi, ndipo mwiniwake ankadziwa. Kwawo kunali ku Kabwazi. Kuno anabwera chikamwini atakwatira Magadalena, ndipo munda umene ankalima unali wa kuchikazi. Unyamata wake wonse anathera pa esiteti ina ku Kasungu, kusankha fodya m'magiredi, ndipo anabwerako ndi diso loipa: chinthu chilichonse ankayamba waona chilema chake. Pamaliro ankadandaula za matabwa a bokosi. Kutchalitchi ankaloza pamene amisiri anakhotetsa khoma.

Chaka china anapita ku Dedza kukagulitsa nyemba kwa a Bakali, amene anali ndi sitolo ndi nyumba yosungiramo mbewu m'mbali mwa msewu waukulu. A Bakali anapisa dzanja m'thumba, natapa nyembazo, naziyang'ana nthawi yaitali.

"Mwasankha ndinu?"

"Ndine. Nanga angasankhe ndani?"

A Bakali anamuuza kuti kuli wogula wa ku Joni amene akufuna nyemba zamawangamawanga lole yathunthu, koma za mtundu umodzi, zouma bwino, zopanda miyala kapena anankafumbwe. "Munthuyo amagula ku Tanzania," anatero. "Akuti nyemba za Amalawi n'zokoma, koma thumba lililonse lili ngati pamsika, mitundu yonse ilimo, ndi mchenga womwe. Ine zimandiwawa, bambo Kadammanja. Dothi la kuno likuposa lawo."

Mawuwo anamulowa Vinsenti ngati minga. Atabwerera kumudzi anayenda khomo ndi khomo mpaka anthu anavomera kupanga kalabu. Anamusankha kukhala wapampando chifukwa panalibe wina wofuna kuvutika. Mbewu anakapempha yekha, mtundu umodzi, ndipo analetsa kubzala zosakaniza. Azimayi anadandaula kuti iwo kuyambira kale amathira mitundu yambiri m'phando limodzi, ina ikakana ina ibereke. Iye anawayankha kuti amenewo ndi malimidwe a anthu ofuna kufa osauka. Anamukhululukira pakamwa pokha.

Nthawi yokolola, kalabu inayala mphasa pabwalo la sukulu, ndipo Vinsenti anakhala pamenepo kumasula thumba lililonse. Ambiri anawabweza kuti akasankhenso. Kenaka anafika Misheck, mchimwene wake wa Magadalena, amenenso anali mwinimbumba pabanjapo. Anabwera ndi matumba pangolo, osokedwa kale.

"Awa musamasule, alamu, ndasankha ndekha."

Vinsenti anadula ulusi, nakhuthula thumba loyamba. Pamwamba panali nyemba zokongola. Pakati panatuluka zofumbwa za chaka chatha, zonyowetsedwa kuti zilemere, ndi timiyala ta kumtsinje.

"Izi mukadyetse nkhumba zanu," anatero mokweza, anthu onse akumva. "Ngakhale nkhumbazo zithyoka mano."

Misheck anavula chipewa n'kuchiponya pansi. "Iwe, mkamwini asamakule mwendo! Munda ukulimawo ndi wa amayi anga. Unabwera kuno ndi kachikwama kamodzi, lero uzindinyoza pamaso pa ana?"

"Wa ku Joniyo sadziwa za amayi anu, alamu. Akaluma mwala, adzati Amalawi ndi akuba. Ine dzina limenelo sindilifuna."

Anthu anawagwira asanamenyane. Patapita masiku ochepa Vinsenti anapeza kachewere wake wa kudimba atazulidwa yense, mitengo yake itaunjikidwa bwinobwino pakhomo la dimba kuti aone kuti si mbuzi. Akuluakulu a mphakati anayesa kuwayanjanitsa awiriwo. Misheck anati apepesedwe pagulu. Vinsenti anati apepese ndi amene anathira miyala. Anabalalika osapemphera n'komwe.

Lole inapita, ndipo nyemba zinalandiridwa. A Bakali anabwera okha pagalimoto kudzanena kuti wogulayo akufuna zina chaka chamawa, zochulukirapo. Vinsenti ankayesa kuti tsopano anthu amumvetsa. Koma kuchigayo ndi kumjigo nkhani inali ina: akuti mkamwiniyo wagwirizana ndi amalonda a m'tauni, akuti akudya yekha, akuti munthu wamba sangaone mwala uli m'kati mwa thumba losoka. Pamsonkhano wotsatira anamuchotsa pampando n'kuikapo Misheck, amene analonjeza kuti palibe thumba la munthu lidzabwezedwe.

Ndipo palibedi limene linabwezedwa pamudzi. Koma pa zokolola zotsatira wogula uja anabweza lole yonse, itafika kale kutali. Anati nyemba zachita nkhungu, ndipo sadzagulanso za dera limeneli. A Bakali anatseka chitseko kwa kalabuyo.

Palibe anapita kwa Vinsenti kukanena kuti ankanena zoona. M'malo mwake kunamveka kuti ndiye anatchera lole ija mankhwala chifukwa cha nsanje. Madzulo ena Misheck anafika ndi abale ena awiri, naima pabwalo osalandira mpando.

"Mlongo," anauza Magadalena, osamuyang'ana Vinsenti, "munthu wakoyu watikwana. Munda tikuufuna. Iwe ukhoza kukhala, kuno n'kwanu."

Magadalena anali mkazi wofatsa, woimba kwaya, amene zaka zonsezi ankapepesa anthu m'malo mwa mwamuna wake. Tsikulo sanapepese.

"Achimwene, amuna angawa pakamwa pawo mpoipa, ndikudziwa kuposa inu. Koma miyala ija sanathire ndiwo. Mundawo tengani."

Anasamukira ku Kabwazi ndi mwana wawo Tawonga, pa kamunda kotsetsereka kamene kanali ka malemu amayi a Vinsenti. Magadalena analira njira yonse, ndipo mpaka lero sanapondenso kwawo, ngakhale pamene kunagwa maliro a azakhali ake anangotuma nkhuku ndi ufa.

Vinsenti tsopano wakalamba, maso ayamba kuchita khungu, koma mtima sunasinthe. Nyemba zake zochepazo a Bakali amagulabe, n'kuziphatikiza ndi za alimi a kwina. Alimi anayi oyandikana naye ayamba kubweretsa zawo kuti aziwaonera, ngakhale amachoka akung'ung'udza.

Mwezi wathawu kunabwera mlangizi wachinyamata kudzalankhula za misika ya kunja, nati Malawi akhoza kudyetsa maiko oyandikana nawo. Anthu anaomba m'manja. Vinsenti anaimirira ndi ndodo yake.

"Zoona zimenezo, achimwene. Koma mundiuze, thumba la amalume anu mungalimasule pagulu?"

Mlangiziyo anaseka, poyesa nthabwala. Vinsenti sanaseke. Anangotuluka, msonkhano uli m'kati.